Mzere wa Tikhala

Moni okondedwa, tiyamike Mulungu potidzutsa amoyo.

Dengu la tiyi likadali kumsana, Tikhala anamva kuti mnzake Suwi wapatsidwa ntchito yokhazikika ku fakitale. Dzulo lake Tikhala anapita kumapemphero a amayi, n'kusiyira Suwi mzere wake kuti amuthyolere. Amanijala anamuona Suwi pamenepo, namusankha.

"Ndi chansi chabe, asisi," anatero Suwi.

"Chansi? Pamzere wanga? Ntchito imeneyo ndi imene ndinapita kukapempherera ine!"

Suwi anamugwira dzanja. "Ndiye ndithokozereni kwa Ambuye. Inu mumatha kupemphera."

Tikhala anatseka maso pakati pa tiyipo. Mawu anakana kutuluka, koma dzanjalo sanalitaye.

Ambuye akugwireni mtima tsiku limene mnzanu adzalandire chimene munapempha inu.