Mpando wa a Twalibu

Lukiya anali asanauzolowere n'komwe mpando wa mkulu wa kampani yogula thonje pamene njinga zinadzaza pakhomo pa ofesi ku Balaka. Anali alimi a ku Chikweo, fumbi mpaka m'mawondo. Patsogolo pawo panali a Bakari, atsibweni ake enieni.

"Mwanangu, thonje lathu munatenga chaka chatha. Ndalama zathu zili kuti?"

"Iyayi atsibweni, nthawi imeneyo pampando pano panali a Twalibu. Iwo anatula pansi udindo, ine ndangolowa m'malo mwawo. Ngongoleyo ndi ya kampani, si yanga."

"Chabwino. Tiitanire kampaniyo tilankhule nayo."

Lukiya anaimbira a Twalibu, alamu ake omwe anachita kumunyengerera kuti alandire udindowo. Foni yawo inali yozimitsa. Pazenera panali zitsulo, ndipo pakhomo alimi aja anali atakhala kale pansi, wina akumasula chinangwa chophika m'kansalu.

"Sitikulimbana nawe ayi," anatero a Bakari, nawonso akukhala pansi pang'onopang'ono. "Kungoti kampani ilibe mudzi. Iwe uli nawo, ndipo pa chikondwerero cha Idi udzabwera kumudziko."