Chitini cha Nangondo

Chibwerereni lamulo loti mkamwini azilowa pakhomo pokhapokha ngati munda wa kuchikazi uli wa gulu loyamba, atsikana ambiri ankangopita chitengwa. Nangondo sankafuna kuzimva zimenezo.

"Tinenenji wanga sachoka pano," anauza Nachanza, mayi wake wa mnyamata wofunsirayo. "Wanuyo adzalime kuno, apo ayi akafune kwina."

Koma munda wa Nangondo unali mchenga wokhawokha, wa gulu lachitatu. Lachiwiri masana, anthu ali kumsika, anawolokera kudambo la kutsidya n'kukumba dothi lakuda, lofewa, lija khasu limalowa lonse osakumana ndi mwala. Sanafunse kuti mundawo ndi wa yani. Anangodzaza chitini.

Pa tsiku la chinkhoswe, Nangondo anapereka chitinicho ngati dothi la m'munda mwake, ndipo mlangizi wa zaulimi analithira m'makina oyezera nthaka, ankhoswe onse akuyang'ana.

"Gulu loyamba," anatero makinawo. "Lakuya mikono iwiri, losunga chinyontho. Munda wa Nachanza, kumunsi kwa mtengo wa mthethe."

Tinenenji anazolika. Nangondo, amene sanagonjepo pa mkangano ngakhale kumsika, analoza makinawo ndi chala.

"Makina abodza awa," anayamba, koma Nachanza anamudula.

"Ndinakuonani, asewele," anatero Nachanza motsitsa mawu. "Munaiwalanso nkhata yanu pamzere. Dothilo munasankha bwino. Mwana wanuyo abwere adzalime pomwe munakumbapo."

Nangondo anayang'ana zikhadabo zake. Dothi lija linali lisanachokemo.

"Mutengeni," anatero, maso ali pansi. "Koma chitini changa mundibwezere."