Mpando Ndi Umodzi

Thirakitala inkatsika chitunda pang'onopang'ono, ngolo yake itadzaza fodya wongothyola kumene. Victor anaiona ikadali patali, nausa moyo. Pa madigadi, chitsulo chophimba tayala, pambali pa dalaivala, panali akazi ake, a Marita. Monga dzulo. Monga dzana.

Victor anali kapitawo pa esiteti ina ya fodya m'mapiri a ku Dowa, ndipo mwezi umenewo anali atatopa ndi kulankhula. Pa esiteti yoyandikana nayo mtsikana wina anaterereka pa madigadi n'kupondedwa ndi tayala lakumbuyo. Zitatero, bwana anamuuza Victor kuti akhome chikwangwani pachigafa chachikulu chowumitsiramo fodya. Malamulo analembedwa ndi penti wofiira. Osatsetsereka popanda giya. Zimitsani injini musanatsike. Lomaliza linali la zilembo zikuluzikulu: mpando ndi umodzi, wokwera ndi mmodzi.

Matenanti anang'ung'udza, koma anamvera. Amayi amene ankapempha kukwezedwa popita kuchigayo anayamba kuyenda pansi, matumba ali pamutu. Osamva anatsala awiri okha, a Kalebe ndi akazi awo.

A Kalebe anali atayendetsa thirakitala pamalopo zaka makumi awiri osagubuduzapo ngolo. Koma kuyambira chaka chatha, a Marita sankawalola kupita okha. Anzawo ali kalikiliki kusoka fodya m'zigafa, iwo ali pamwamba, dzanja lili paphewa la mwamuna wawo. Pena phewa lamanja, pena lamanzere, pena lafinya pakhosi. Chifukwa chake aliyense ankachidziwa. Inali nsanje. Kumunda kunali atsikana ambiri othyola fodya. Nawonso a Kalebe anali atasintha. Chipewa ankachikokera mpaka pamphuno, ndipo ankadutsa munthu osapereka moni mpaka iye ayambe. Anthu ankati anawadyetsa kondaine.

Thirakitala inaima pakhomo pa chigafa. Anyamata anatsitsa fodya. Mvula inali itagwa m'mawa, koma tsopano dzuwa linkawotcha ndipo nthaka inkatulutsa nthunzi. Victor anavula jekete lake lachikasu, nalikoloweka pamtengo wa chigafa, naima pomwepo.

"Bambo Kalebe, chikwangwanichi munachiwerenga?"

"Ndinamva, a kapitawo."

"Chikuti chiyani?"

Anayankha ndi a Marita. "Chikuti wokwera ndi mmodzi."

"Nanga inuyo mayi, ndinu thumba la feteleza?"

M'chigafa munamveka phwete. "Atsike amenewo!" anakuwa mayi wina. "Madalawo sitiwadya ayi, tingowabwereka!"

Victor sanaseke. Mawu ake anatuluka olefuka.

"Ndakuuzani kasanu. Njira ya kumtunda ija lero ndi yoterera. Tayala likangolowa m'dzenje, mayiwa agwera pansi pa tayala lalikululi. Ine sindikufuna kuthamangira kuchipatala cha Mtengowanthenga ndi munthu wokulunga m'chitenje. Bwana anena kuti lero ndi lomaliza. Kwatsala ulendo umodzi wa kumunda wa kumtunda. Mupite nokha, apo ayi mundipatse kiyi. Ndipo mukudziwa kuti nyumba ya malata ija ndi ya dalaivala."

A Marita anayang'ana mwamuna wawo kwa nthawi. Kenaka anachotsa dzanja paphewa, nakwinya chitenje, natsika. Anaima pamatope, manja ali kumbuyo.

Victor anazungulira kuseri kwa ngolo kukaona ngati chitsulo cholumikizira chinali bwino, naima mumthunzi cha kumanzere. Mumtima anali atamaliza kale. Palibe mwamuna angataye ntchito ndi nyumba nthawi yokolola chifukwa cha nsanje ya mkazi. Madalawa apita, abwera, mayiwa akwiya masiku awiri, nkhani ithera pomwepo.

Injini inkalirabe. A Kalebe anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, nkhope italoza kuchitunda. Njirayo inkakwera mokhotakhota. Mbali ina kunali chigwembe chakuya chimene madzi anakumba. Mbali inayo atsikana anali atandanda m'mphepete, mitolo ya fodya ili pansi, kudikira ngolo.

Mphindi inatha. Ina inathanso. Phazi la a Kalebe linapita pa kilatchi, n'kubwerera.

Kenaka injini inazima.

A Kalebe anazula kiyi, natsika mosamala, phazi limodzi kenaka linalo.

"A kapitawo," anatero, "lamulo lanulo ndi labwino. Musalisinthe chifukwa cha ine. Ndatopa nako kuchita mantha tsiku ndi tsiku."

Victor anafuna kunena kuti aganizenso, kuti mkazi amakwiya n'kuiwala. Asanayambe kulankhula, anaona zodabwitsa.

A Kalebe anali atayenda mapazi atatu, atagwira kiyi ndi manja awiri mwaulemu, akuipereka kwa jekete lachikasu lija pamtengo wa chigafa. Anaima pamenepo, kudikira kuti lilandire.

A Marita anayandikira mwakachetechete, nafinya phewa lamanzere. A Kalebe anatembenukira kumanzere, kumene kunali Victor, ndipo kunsi kwa chipewa kunaoneka maso oyera ngati mkaka. Chaka chonsecho, amene ankaona njira ya m'chitunda anali a Marita.