Kamtanda ka pa Tayala

Panali bambo wina womata matayala m'mbali mwa msewu, ndipo nkhani yake ndikaikumbuka mtima umandiwira. Kumata kokhako sikunkamukwanira. Ankatola matayala akutha, osalala ngati dazi, n'kuwasema mizere ndi mpeni wotentha, kuwapaka polishi wa nsapato, basi n'kumanamiza madalaivala kuti ndi atsopano. Munthu wouma mtima ameneyu! Ankadziwa bwino lomwe kuti tayala losemedwa limatsala lopyapyala, likangotentha pamsewu limaphulika.

Kuti a m'nyumba mwake asagwere m'mbuna yakeyo, tayala lililonse limene wasema ankalidinda kamtanda m'mbali. Kenako anauza mkazi wake kuti asanakwere galimoto aziyamba wayang'ana matayala, akaona kamtanda asakwere.

Mkaziyo anafunsa kuti, "Nanga enawo amene akwere, bambo, si anthu?"

Iye anangoseka, amvekere ulalikiwo ndi wa kutchalitchi, pano tikusaka chakudya. Anamuopsezanso kuti tsiku limene adzaulule za kamtandako, adzalongedze katundu azipita kwa makolo ake.

Mkaziyo anali woyembekezera. Tsiku lina masana, bamboyo ali mkati mosema tayala lina, analandira foni yoti matenda amuyamba mkazi wake, ndipo galimoto imene imamutengera kuchipatala yagubuduzika. Anathamangira pamalo a ngoziyo mpeni uli m'manja. Ovulala anapeza atawanyamula kale, galimoto ili chagada mu ngalande. Tayala lakutsogolo linali litang'ambika, ndipo pachidutswa chake panali kamtanda kaja.

Kuchipatala anakumana ndi mayi woyandikana nawo nyumba, mkono uli m'bandeji. Mayiyo anafotokoza akulira kuti matenda atayamba anaimitsa galimoto yoyamba imene inadutsa, koma wodwalayo atayang'ana pansi anakana kukwera. Anakakamira chitseko, chifukwa chake osanena. Mayiyo ndi anzake poganiza kuti ndi ululu, anachita kumunyamula n'kumulowetsa.

Mkaziyo anapulumuka, koma mwana anabadwa wakufa. Dalaivala, amene nayenso anali ndi ana kunyumba kwake, anafera pomwepo, ngakhale za ameneyo mkulu wathuyu sanafunse n'komwe.

Atalowa mu wodi anayamba ndi kukalipa, taonani mwano wake. Akuti bwanji unakwera, suja ndinakuuza?

Mkaziyo anamuyankha maso ali gwa.

"Kamtanda kanu ndinakaona, bambo. Ndikanawauza chiyani anthu aja? Munati ndikadzaulula banja latha. Ndakusungirani chinsinsi chanu, ndiye pitani mukaike mwana wanu."

Phunziro: Chimene sungalole kuti mkazi wako kapena mwana wako akwere, adye kapena amwe, usagulitse kwa mwana wa mnzako. Choipa chitsata mwini, koma pomutsatapo chimapha ndi osalakwa omwe. Ndipo inu amene mukubisira wachibale zoipa zake, lankhulani lero maliro asanagwe. Musangowerenga n'kukhala chete, atumizireni anzanu, makamaka aja amati bola a kwathu ali bwino.