Galu Wopanda Mzere

Keziya ankachokera kobwereka palafini usiku pamene galu wawo Sajeni anamuchingamira pakamlatho ka ngalande ya mpunga ku Hara. Mtima unakhala pansi. Chitengedwereni bambo ake pa nkhani ya khadi la chipani, mlonda wawo anali chigalu chimenechi, mtundu wa ku Rodeshiya umene kale unkaimitsa mikango, wokhala ndi mzere wa ubweya womera chobwerera pamsana.

Atamusisita, msanawo unali see, wozizira ngati nsomba, ndipo mzere panalibe.

Anaopa kuthamanga. Chinthucho chinamuperekeza mwakachetechete mpaka pakhonde.

"Amama, tsegulani msanga!"

"Mwana wane," mayi ake ananong'ona mkatimo, "Sajeni ali muno, akunjenjemera kunsi kwa bedi. Nanga chikununkhiza chitsekocho n'chiyani?"

Keziya anagogodanso, koma mpiringidzo sunasunthe.