Chinambala cha pa Tebulo

"Yamaliza!" anakuwa bambo wina, mphunzitsi wa masamu.

Mkazi wake anatula mbale n'kuusa moyo. Chiyambire chaka, laputopu yakhala pa tebulo lodyera, ikufufuza ngati chinambala cha madijiti mamiliyoni ndi pulayimu, chosagawika ndi nambala ina kupatula wani ndi icho chomwe. Kuisuntha ayi, ati batire inafa, ingazime. Banja lonse limadyera pamiyendo, pomwe apongozi akufika mawa.

"Ndiye yati bwanji, bambo a mwana?"

"Si pulayimu. Chikugawika."

"Sore. Basi chotsani, ndiyalepo nsalu."

"Iii, dikira kaye. Ndayika kale chinzake."

"Siriyasi? Chitha liti chimenecho?"

Bamboyo anakanda m'mutu. "Ichi n'chachikuluko pang'ono. Bwanji amayi tiwauze abwere chaka chamawa?"