Khwangwala Asolola Chisa Chake

Padangokhala Khwangwala wa pamsika wa m'tauni, amene adatopa ndi phokoso. Adamva kuti kutsidya kwa mtsinje, kudziko la eni, kuli midzi ya chimanga chopanda mlonda. Pompo adayamba kusolola timitengo pachisa chake kuti akamangire china kumeneko, mkazi wake akufungatira mazira pachisa chomwecho.

Namzeze, amene amapita maiko akutali chaka ndi chaka, adamuletsa. "Achimwene, ine ndikamachoka chisa ndimachisiya chathunthu. Kaoneni kaye malowo, mukapemphe kwa eni ake."

"Iwe wodya ntchentche undiphunzitse ine?" adatero Khwangwala, nasololanso kamtengo kena. Chisa chidapendekeka, mkazi nagwiritsa ndi zikhadabo.

Kutsidyako adapeza mumtengo umene adaufuna muli Kabawi, ndipo alimi adamulandira ndi malegeni. Pothawa, timitengo tonse tidagwera mumtsinje. Adauluka mtima uli m'mwamba, chimphepo cha mvula chitamupitirira kale kulunjika kwawo.

Atafika kwawo, adapeza chisa chitagwa, mkazi wake ali pansi pa mtengo, akuyang'ana zigoba za mazira.

"Mwabwera, bambo? Tiyeni tinyamuke tsopano," adatero mkaziyo. "Palibenso chotichedwetsa."

Nthano yanga yathera patsinde pa mtengo pomwepo.